Kodi Msewu Ndi wa Yani?

Anzathu owerenga, ambiri a inu mumakhala m'tauni, kapena muli ndi mwana kaya m'bale amene akukhala kumeneko. Mukudziwa m'mene kumachera. Dzuwa lisanatuluke, anthu ali kale panjira. Ena akuchokera ku Ndirande ndi ku Bangwe. Ena akuchokera kwa Chinsapo, ku Mtandire ndi ku Area 25. Amayi asenza madengu a tomato. Abambo akupalasa njinga. Ana akuthamangira kusukulu. Amene ali ndi kangachepe aima pasiteji kudikira minibasi.

Tsono tayang'anani msewu umene anthuwa akudutsa. Pakati pake pali tala wosalala, ndipo pamenepo pakuyenda magalimoto. M'mbali muli fumbi, miyala ndi ngalande, ndipo m'menemo ndimo mukuyenda anthu ochuluka. Galimoto ikaimba hutala, onse amapatuka.

Funso lathu lero nali: kodi msewu ndi wa yani? Ndalama zoumangira tinasonkha tonse, pakuti aliyense amalipira msonkho akamagula katundu m'sitolo. Nanga bwanji malo abwino amapita kwa anthu ochepa?

M'phunziro lino tiwerenga za mzinda wina wakutali umene unayankha funso limeneli zaka zoposa 50 zapitazo. Paja akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni timve.

Tiyambe tawerengera

Tengani pensulo ndi pepala. Tinene kuti anthu 270 akufuna kupita kuntchito nthawi imodzi.

Akakwera magalimoto ang'onoang'ono, awiriawiri, pafunika magalimoto 135. Galimoto iliyonse imadya malo pafupifupi mamita 5. Tikawandanda mogundana, mzere wake utalika mamita 675. Kumeneko n'kupitirira theka la kilomita.

Akakwera maminibasi onyamula anthu 15, pafunika maminibasi 18. Mzere wake utalika mamita 90.

Koma ilipo basi yaitali imene inganyamule anthu onse 270 pa ulendo umodzi. Iyo njotalika mamita 25 okha.

Mwaona? Anthu ndi omwewo, ulendo ndi womwewo, koma malo amene adya pamsewu ndi osiyana kutalitali. N'chifukwa chake munthu wofuna kukonza kayendedwe ka m'tauni ayenera kuwerenga anthu amene msewu ukuwafikitsa kumene akupita. Akangowerenga magalimoto, asokera.

Ena amati magalimoto akathithikana, mankhwala ake n'kukulitsa msewu. Inde, zimathandiza kwa kanthawi. Koma msewu ukatakasuka, anthu enanso amalowamo ndi magalimoto awo, ndipo pakapita zaka zochepa mzere uja umabwerera. Mizinda yambiri pa dziko lapansi yaziona zimenezi.

Mzinda wa Curitiba

Curitiba ndi mzinda wa kumwera kwa dziko la Brazil, ku South America. Dzinali timalitchula kuti Kuritiba. Ndilo likulu la chigawo cha Paraná. Mu 2022 munali anthu pafupifupi 1.8 miliyoni. Chiwerengero chimenechi chikufanana ndi cha anthu a mu Lilongwe ndi mu Blantyre tikawaphatikiza, monga mwa kalembera wa 2018.

Kale mzindawu unali waung'ono. Mu 1940 munali anthu pafupifupi 140,000. Pofika 1970 anali atapitirira 600,000, chifukwa ambiri ankasiya minda kudzafuna ntchito m'tauni. Misewu inadzaza, ndipo mabasi ankangokwawa pakati pa magalimoto.

Mapulani analipo. Mu 1943 katswiri wina wa ku France, dzina lake Alfred Agache, anajambula misewu ikuluikulu yochokera pakati pa mzinda. Kuti itheke, panafunika ndalama zambiri ndiponso kugwetsa nyumba zambiri. Mbali yochepa yokha ya mapulaniwo ndiyo inatheka.

Mu 1965 khonsolo inatsegula ofesi yoona za mapulani a mzinda, ndipo mu 1966 inavomereza mapulani atsopano. Mmodzi mwa anyamata a mu ofesiyo anali Jaime Lerner, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Mu 1971 iyeyu anakhala mfumu ya mzinda, imene ena amati meya, ali ndi zaka 33. Poyambapo sanasankhidwe ndi anthu, pakuti nthawi imeneyo Brazil inkalamulidwa ndi asilikali. Pambuyo pake anthu anadzamusankha okha. Anakhala pa mpandowo katatu, ndipo anamwalira mu 2021.

Msewu umene unabwezedwa kwa anthu

Pakati pa Curitiba pali msewu wa masitolo wotchedwa Rua XV de Novembro. Mu 1972 khonsolo inaganiza zoletsa magalimoto pa chigawo china cha msewuwu, kuti muziyenda anthu okha.

Eni masitolo anakana kwamtuwagalu. Iwo ankaopa kuti magalimoto akachoka, ogula achokanso. Ena anakonza zopita kukhoti. Khonsolo inayamba ntchito Lachisanu madzulo, ndipo inaimaliza m'masiku atatu. Antchito anayala miyala yoyendapo, anaika mipando ndi nyale, nadzala maluwa.

Chinachitika n'chiyani? Anthu anadzaza msewuwo. Ankayenda mosathamanga, kuima, kucheza ndi kuyang'ana katundu. Malonda anakwera. Posapita nthawi eni masitolo ena anayamba kupempha kuti magalimoto achotsedwenso kutsogolo kwa masitolo awo.

Eni magalimoto ena sanakondwe. Anapangana kuti adzalowe mumsewumo ndi magalimoto awo mwamphamvu. Tsiku limenelo khonsolo inayala mapepala aatali pansi, n'kupatsa ana penti. Madalaivala atafika anapeza ana ambiri atakhala pansi akujambula zithunzi. Nanga ndani akanaponda ana? Anabwerera. Mpaka lero mumsewumo mumayenda anthu, ndipo ambiri amautcha Rua das Flores, kutanthauza msewu wa maluwa.

Basi ipatsidwa njira yakeyake

Mizinda yolemera imakumba njanji pansi pa nthaka kuti sitima zizinyamula anthu. Curitiba inalibe ndalama zotero. Akuluakulu a mzindawo anadzifunsa kuti: kodi n'chiyani chimapangitsa sitima kukhala yachangu? Ili ndi njira yakeyake. Anthu amagula tikiti asanakwere. Ili ndi zitseko zambiri. Tsono anati, bwanji osaichitira basi zomwezo? Anachita zimenezi pang'onopang'ono, motere:

Choyamba, mu 1974 anapatula njira ziwiri pakati pa msewu waukulu, yopita ndi yobwera, kuti muziyenda mabasi okha. Magalimoto akathithikana m'mbali, basi imangodutsa. Pamenepo wokwera basi amatha kufika msanga kuposa mwini galimoto.

Chachiwiri, anagawa ntchito. Mabasi a mtundu wa lalanje amatola anthu m'makomboni n'kukawatula pa depoti. Mabasi ofiira, akuluakulu, amawatenga pa depotipo n'kuthamanga nawo mumsewu waukulu. Mu 1979 anaonjeza mabasi obiriwira, ozungulira kuchoka dera lina kupita dera lina osadzera pakati pa mzinda. Munthu amaizindikira basi poona mtundu wake ikadali patali.

Chachitatu, mu 1980 anakhazikitsa mtengo umodzi. Munthu amalipira kamodzi, ndipo akasintha basi m'kati mwa depoti salipiranso. Wochokera kutali amalipira chimodzimodzi ndi wochokera pafupi. Taganizani: kodi amene amakhala kutali ndi tauni kawirikawiri ndani? Ndi osauka. Choncho mtengo umodzi unawapeputsira katundu.

Chachinayi, mu 1991 anamanga masiteji agalasi, obulungira ngati mgolo wogoneka. Munthu amalipira polowa pasiteji. Pansi pa siteji m'polingana ndi pansi pa basi, ndiye palibe kukwera masitepe. Basi ikafika, zitseko zonse zimatseguka, anthu n'kutuluka ndi kulowa nthawi imodzi. Nkhalamba, mayi wobereka mwana ndi munthu woyenda pa chikuku onse amalowa mosavutika.

Chachisanu, mu 1992 anabweretsa mabasi aatali olumikiza pawiri. Amenewa ndiwo mabasi onyamula anthu 270 amene tawerengera aja.

Pali chinthu chinanso chosaoneka ndi maso. Mabasiwo ndi a makampani, koma njira, nthawi ndi mtengo zimakonzedwa ndi bungwe la khonsolo lotchedwa URBS. M'zaka za m'ma 1980 bungweli linayamba kusonkhanitsa ndalama zonse za matikiti, n'kumalipira makampani molingana ndi makilomita amene mabasi awo ayenda. Inu mukudziwa zimene zimachitika dalaivala akamadya molingana ndi anthu amene wanyamula. Amaima pasiteji mpaka idzaze. Amathithika anthu. Amathamanga kuti apose mnzake. Koma ngati malipiro ali pa mtunda umene wayenda, chothamangira palibe, ndipo chodikirira palibe. Amangonyamuka nthawi ikakwana.

Nyumba zitsate basi

Basi yabwino payokha siikwanira. Ngati nyumba zamwazikana ponseponse, basi imayenda mtunda wautali kutola anthu ochepa, ndipo mtengo umakwera.

A ku Curitiba anaganizira zimenezi. Anasankha misewu ikuluikulu isanu yotambasuka kuchokera pakati pa mzinda ngati zala za dzanja. Lamulo linati nyumba zazitali zosanja zizimangidwa m'mbali mwa misewu imeneyi, masitolo ali pansi, anthu akukhala pamwamba. Ukamatalikira msewu wa basi, nyumba zizifupika. Potero anthu ambiri anapezeka kuti akukhala pafupi ndi siteji.

Kuyambira mu 1995 khonsolo inamanganso maofesi ake pafupi ndi madepoti ena a mabasi. Munthu wofuna chikalata kapena wofuna kulipira msonkho amangopita pa depoti ya kwawo. Eetu, ulendo wosaboola m'thumba ndi ulendo waufupi.

M'mphepete mwa mitsinje, m'mene madzi amasefukira, anaikamo minda ya mitengo ndi maiwe, monga paki ya Barigui ya mu 1972. Mvula ikachuluka, madzi amadzaza m'maiwemo m'malo molowa m'nyumba za anthu. Ndipo mu 1989, m'makomboni m'mene galimoto yotola zinyalala sinkatha kulowa, anthu ankabweretsa matumba a zinyalala kumsewu n'kupatsidwa matikiti a basi. Komboni inkayera, ndipo munthu ankapeza poyambira ulendo wokafuna ntchito.

Zovuta zilipo

Tisanamizane. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku Curitiba nakonso mavuto alipo.

Malo a m'mbali mwa misewu ya basi anakwera mtengo, ndipo osauka ambiri anakakhala kunja kwa mzinda, kutali ndi mabasi achangu aja. M'mamawa ndi madzulo mabasi amadzaza kwambiri. Anthu atayamba kupeza bwino, ambiri anagula magalimoto, ndipo okwera basi anachepa poyerekeza ndi kale. Njira zoyamba za njinga zinkalumikiza mapaki, choncho sizinathandize kwenikweni munthu wopita kuntchito.

Apa tikuphunzirapo kuti mzinda uli ngati munda. Sulima chaka chimodzi n'kukhala pansi. Umafuna kupalira chaka ndi chaka.

Nzeru inafika kutali

Mizinda ina inapita kukaona, n'kutengera. Mzinda wa Bogotá, ku Colombia, unayamba mabasi otere mu December 2000, ndipo amatchedwa TransMilenio. Mzinda womwewo uli ndi mwambo wina umene unayamba mu 1974: Lamulungu lililonse amatseka misewu yoposa makilomita 100 kuyambira m'mawa mpaka masana, kuti anthu aziyenda pansi ndi kupalasa njinga.

Nzeruyi inafikanso mu Africa muno. Abale athu amene ali ku Joni akuwadziwa mabasi a Rea Vaya, amene anayamba mu 2009 kuchokera ku Soweto kupita pakati pa Johannesburg. Amalonda athu opita ku Dar es Salaam akuwadziwa mabasi amene kumeneko amati mwendokasi. Anayamba mu 2016 pa njira ya makilomita pafupifupi 21, imene mbali yake yaikulu imachoka ku Kimara kukafika ku Kivukoni.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga eni maminibasi, madalaivala ndi makondakitala adzadya chiyani?" Limeneli ndi funso loona. Ku Johannesburg nkhaniyi inabutsa mikangano yoopsa, ndipo zokambirana zinatenga nthawi yaitali. Pomaliza pake eni maminibasi ena anapereka maminibasi awo n'kukhala eni ake a kampani yoyendetsa mabasiwo, ndipo madalaivala ena anaphunzitsidwa kuyendetsa mabasi atsopano. Ku Dar es Salaam vuto linali lina. Anthu anachuluka kuposa mabasi, ndipo ankadikira nthawi yaitali atathithikana pasiteji. Choncho kumanga njira ndi chiyambi chabe. Pamafunika mabasi okwanira, okonza ake, ndiponso kumvana ndi anthu amene akudyera kale pamsewupo.

Nanga kwathu kuno?

Mizinda yathu ikukula msanga, monga inkakulira Curitiba. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, ndipo inamangidwa motambasuka, madera ake ali motalikirana. Wokhala ndi galimoto saona vuto. Koma mlonda, wantchito wa m'nyumba ndi mayi wa geni amayenda mtunda wautali, kapena amakwera maminibasi awiri n'kulipira kawiri. Mwezi ukatha, ndalama ya ndiwo yathera panjira.

Kumbukiraninso kuti petulo ndi dizilo timagula kunja ndi ndalama zakunja. Mafuta akasowa, tonse timaona mizere ndi kukwera kwa mitengo. Mzinda umene anthu ake ambiri amayenda pa basi, pa njinga ndi pansi umamwa mafuta ochepa, ndipo utsi wake umachepa.

Koposa zonse, pali moyo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Linanenanso kuti ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti pamene anthu ndi magalimoto amasakanikirana, monga pasukulu ndi pamsika, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola.

Sitikunena kuti mawa lomweli tigule mabasi a anthu 270. A ku Curitiba nawo anayamba ndi msewu umodzi, ndipo panapita zaka 20 asanafike pa mabasi aataliwo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Zilipo zinthu zosafuna ndalama zambiri zimene zingayambe msanga:

Njira yoyendamo anthu m'mbali mwa msewu, yokwera pang'ono, yopanda maenje.

Malo owolokera pasukulu, pamsika ndi pachipatala, okhala ndi mahampu.

Njira ya njinga, kuti wakabaza asalimbane ndi lole.

Siteji yokhala ndi denga, poti anthu abisale mvula ndi dzuwa.

Mitengo ya mthunzi ndi nyale za mumsewu.

Malo a geni pafupi ndi siteji, kuti ogulitsa asayale katundu panjira.

Inu mungachitepo chiyani?

Musati, "Zimenezi n'za anthu ophunzira kwambiri." Amene amaudziwa msewu ndi amene amauponda tsiku ndi tsiku. Lerner poyamba paja anachita zinthu mosafunsa anthu ambiri, chifukwa cha ulamuliro wa nthawi imeneyo. Ife njira yathu ndi ina. Tili ndi makhansala amene timasankha tokha, ndipo ntchito yawo n'kutenga mawu athu kupita nawo ku khonsolo. Tsopano mukudziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Zida zimenezi zigwire ntchito.

Panganani ndi anzanu a m'kalasi. Sankhani msewu wa kwanu. Imani pamalo abwino m'mawa kwa mphindi 15, kope lili m'manja. Wina awerenge oyenda pansi. Wina awerenge apanjinga. Wina awerenge maminibasi, n'kuchulukitsa ndi anthu amene minibasi imanyamula. Wina awerenge magalimoto ang'onoang'ono ndi anthu ali m'katimo. Mukabwerera, lembani manambalawo pa bolodi. Kenaka funsanani: gulu lalikulu ndi liti? Nanga malo aakulu pamsewupo apatsidwa kwa gulu liti?

Mukatero, lembani kalata kwa khansala wa dera lanu. Ikhale yaifupi ndi yaulemu. Tchulani dzina la msewu, tsiku limene munawerenga, manambala amene munapeza, ndi chinthu chimodzi chimene mukupempha. Musapemphe zinthu khumi nthawi imodzi. Sainani nonse, ndipo musunge kalata ina yofanana nayo. Mafumu, komiti ya sukulu ndi komiti ya msika adziwenso. Mutu umodzi susenza denga.

Mukamva kuti kwanu kukubwera msewu watsopano, pitani ku msonkhano wake. Kumeneko funsani mafunso awa: Woyenda pansi adzadutsa pati? Mwana wa sukulu adzawolokera pati? Njinga idzayenda pati? Minibasi idzaima pati? Mitengo imene idulidwe, adzadzala ina? Funsani mapulani akadali pa pepala, pakuti kufufuta mzere wa pensulo n'kosavuta, koma kugumula simenti kumafuna ndalama.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Njira ya anthu ikamangidwa, tisaimikepo galimoto, tisaunjikepo mchenga, tisayalepo malonda. Zikwangwani ndi nyale za mumsewu tizisamale, pakuti n'zathu. Powoloka, tiwolokere pamalo pake, ndipo ana tiwaphunzitse chimodzimodzi.

Tsono tibwerere ku funso lathu lija. Msewu ndi wa mwana wopita kusukulu, wa gogo woyenda ndi ndodo, wa mayi wosenza dengu, wa wakabaza, wa wokwera minibasi, ndiponso wa mwini galimoto. Ukakonzedwa moti mwana ndi gogo adutse bwino, ena onse adutsanso bwino.

Mafunso okambirana

1. Kodi anthu 270 afuna maminibasi angati, ngati minibasi imodzi inyamula anthu 15?

2. N'chifukwa chiyani eni masitolo a ku Curitiba anasintha maganizo awo?

3. Kodi mtengo umodzi wa basi unathandiza bwanji anthu okhala kutali?

4. Tchulani mavuto awiri amene mzinda wa Curitiba unakumana nawo pambuyo pake.

5. Werengerani ndalama zimene banja lanu limaononga pa ulendo pa sabata imodzi. Nanga pa mwezi ndi zingati?

6. Ndi malo ati kwanu amene ali oopsa powoloka msewu? Mungauze yani?

Ntchito yolemba

Lembani kalata ya mizere isanu kwa khansala wa dera lanu, yopempha chinthu chimodzi chimene chingathandize anthu oyenda pansi. Mudzaiwerenge pamaso pa anzanu tikadzakumananso.